Asewere a ku Likoma sakunama, yalani mphasa

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Luchenza. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa: "Mwana wanga wamkazi wapeza mwamuna wa ku Likoma. Chinkhoswe tachiika Loweruka lomaliza la Julaye kuno kwathu. Tsono akuchimuna akuti anyamuka kutatsala sabata yathunthu, anthu 8, ati chifukwa cha sitima. Achimwene, inu munayendako kumeneko. Kodi n'zoona, kapena angofuna kudzatithera ufa?"

Mayi, ndaseka mpaka misozi. Koma asewere anuwo akunena zoona, ndipo mukadadziwa zomwe adutsemo kuti adzakhale pabwalo panu, bwenzi mutawaphera tambala tsiku lofika lomwelo.

Ife a kuno kumapiri tinazolowera kuti ulendo ndi kuima pamsewu. Ikakusiya minibasi iyi, ina ikubwera. Ikasowa, kabaza alipo. Ku Likoma kulibe zimenezo. Ndi chilumba chaching'ono, cha Malawi inde, koma chozunguliridwa ndi madzi a Mozambique, moti ukaima kugombe la kum'mawa mapiri a ku Cobue umawaona pafupi ngati mmene timaonera phiri la Mulanje tili pa Luchenza. Doko la kwathu limene anthu akumeneko amadalira pa malonda ndi maulendo ndi Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 70. Pamsewu akanakhala ulendo wa ola limodzi ndi theka. Pamadzi ndi usiku wonse. Bwalo la ndege lilipo, koma tindege take ndi ta alendo odzaona malo, osati ta ankhoswe onyamula madengu.

Sitima imene akunenayo ndi Ilala, gogo wa panyanja. Anaipanga ku Scotland mu 1949, n'kuibweretsa zidutswazidutswa kudzera ku Mozambique, ndipo inayamba kunyamula anthu mu 1951. Dzinalo ndi la dera limene kunafera David Livingstone ku Zambia. Kayendedwe kake ka zaka zambiri ndi aka: imanyamuka ku Monkey Bay Lachisanu, ifika ku Likoma Loweruka, idutsa pachilumba china cha Chizumulu usiku, n'kukafika ku Nkhata Bay mbandakucha wa Lamulungu isanapitirire ku Chilumba. Kamodzi pa sabata basi. Tsono werengani nokha. Akadikira Loweruka la chinkhoswelo, nthawi imene inu mukuvina pabwalo iwo adzakhala akukweza katundu pagombe. Loweruka lapambuyo pake mwambo udzakhala utapita kale. Latsala ndi Loweruka limene asankhalo.

Ine ndinakwera nditapita kukaona tchalitchi chachikulu cha Anglican cha St Peter's, chimene amishoni anayamba kumanga mu 1903. Pobwerera sitima inaponya nangula patali ndi gombe, ife n'kumatengedwa pa maboti ake ang'onoang'ono. Kuti ufike pa botilo umayamba walowa m'madzi ofika m'mawondo, pena m'chiuno. Amayi a pachilumbapo amangokwinda chitenje, thumba la usipa pamutu, mwana kumsana, phazi lili nji pamchenga ngati akuyenda pakhomo. Anyamata ena amabereka agogo n'kulandira kangachepe. Ine mwana wa m'tiyi ndinavala nsapato zanga za kutchalitchi, foni m'thumba la buluku. Funde limodzi lokha linandiphunzitsa chifukwa chake anzanga onse anali atamanga mafoni ndi ndalama m'majumbo. Ndinafika pamakwerero a sitima nditanyowa mpaka lamba, mnyamata wa kumtunda akundikoka dzanja uku wapansi akundikankha, pambuyo panga pakubwera mbuzi.

M'katimo muli magawo malinga ndi thumba la munthu. Pansi penipeni ndi pa anthu wamba, ndipo m'pamene asewere anu adzakhale, pokhapokha ngati mkamwini wanuyo ndi wolemera. Pamenepo munthu amagona potsamira thumba la nsomba zouma, miyendo ili pa mtolo wa chinangwa cha mnzake, injini ikulira m'makutu. Fungo lake limakutsatira mpaka kwanu. Pamwamba pali malo a mphepo yabwino ndi timazipinda togona, mtengo wake ndi wina. Komabe ndinene chilungamo, usiku umenewo sindidzauiwala. Titachoka pa Chizumulu, nyanja yonse inali ngwee ndi nyali za asodzi a usipa, ngati mudzi waukulu woyandama, ndipo mayi wina amene sindinkamudziwa anandinyemera chinangwa chowotcha ataona kuti mlendo nseru yamugwira.

Nkhani yaikulu, mayi, ndi mwezi umene mwasankhawo. Chiperoni chikaphimba minda ya tiyi kuno ku Thyolo ndi Mulanje, ife n'kumaothera moto masana, dziwani kuti nyengo yomweyo kunyanja kukuwomba mwera. Zonsezi zimachokera kum'mwera chakum'mawa, kuyambira cha m'Meyi mpaka Ogasiti. Kuno mphepoyo imangotibweretsera nkhungu ndi mvula yowaza, koma panyanja imayenda mtunda wautali popanda chotchinga, n'kuutsa mafunde oti munthu wa kumtunda sangakhulupirire kuti ndi madzi akumwa omwewa. Anthu a kunyanja saiwala sitima ya Vipya imene inamira mu Julaye 1946 kufupi ndi Chilumba, n'kupha anthu oposa 140. N'chifukwa chake woyendetsa sitima akaona kuti nyanja yakwiya amadikira, ndipo amachita bwino. Onjezanipo kukweza ndi kutsitsa katundu pamalo aliwonse: simenti, malata, matumba a chimanga, makireti. Maola amangopita. Nthawi yolembedwa papepala ndi yongokuuzani tsiku, osati ola. Ilala ikakhala kokonzedwa pamabwera sitima ina yocheperapo ngati Chilembwe, ndipo masiku amatha kusintha. Maboti a anthu wamba aliponso, koma mwezi wa mwera ine sindingakwezepo amalume anga.

Akafika pa Nkhata Bay ulendo sunathe. Pali makilomita oposa 500 a msewu wa m'mbali mwa nyanja, kudzera Nkhotakota, Salima, Balaka, kenako Zalewa, Limbe, Bvumbwe mpaka kwanu. Zikayenda bwino, Lamulungu usiku kapena Lolemba ali pakhomo.

Njira ina ilipo yochepetsa masikuwo, ngati nkhokwe yanu ilidi yopepuka. Ilala pobwerera kum'mwera imachoka ku Nkhata Bay Lolemba usiku, idutsa ku Likoma Lachiwiri, n'kufika ku Monkey Bay Lachitatu. Atakwera imeneyo, n'kugwira msewu wa Mangochi, Liwonde, Zomba ndi Limbe, akhoza kufika Lachinayi. Koma ndi maola ambiri pamadzi, sitima ikulimbana ndi mwera maso ndi maso, ndipo ikachedwa tsiku limodzi kapena awiri mudzapezeka mwaphika mpunga wopanda akuchimuna. Ndikanakhala ine, ndikanapempha kuti ankhoswe awiriwo ndi makolo abwere ndi ya Loweruka, achinyamata olimba m'mimba atsatire ndi ya Lachiwiri. Mwambo umaima pa ankhoswe. Otsalawo akachedwa, adzapeza zithunzi.

Za kubwerera musade nazo nkhawa kuti akhalitsa. Iwo ndi amene adzakhale ndi changu kuposa inu, chifukwa akaphonya ya Lolemba usiku ku Nkhata Bay ndiye kuti adikira Lachisanu ku Monkey Bay. Mudzaona Lamulungu m'mamawa katundu ali kale pamutu.

Ufa wanu sudzapita pachabe, chifukwa munthu wa ku Likoma sayenda chimanjamanja, ndipo usipa ndi utaka umene adzabwere nawo mudzadya mpaka mwezi wa mawa. Chimene muyenera kusonkhanitsa kwa abale panopa ndi mabulangete. Anthuwa anazolowera kutentha kwa kugombe, ndipo kuzizira kwa Julaye wa ku Luchenza sakukudziwa. Muuzenso mkamwini wanuyo awauze kuti atenge majuzi.