Kasitomala watsopano wabwera pomwe manja onse ali pa ntchito: mulandire kapena ayi?

Akulu, funso lanu ndaliwerenga. Mukuti muli ndi olemba mapulogalamu anayi kuno ku Chipata, pali ntchito zitatu zomwe sizinathe, ndiye kwabwera wogulitsa zipangizo zaulimi wokhala ndi mashopu ku Chipata, Katete ndi Petauke. Akufuna pulogalamu yowerengera katundu ndi kulandirira ndalama pa foni, ndipo akuti ikhale itatha alimi asanayambe kugula fetereza. Mukufunsa ngati mulandire kapena mukane.

Musamuyankhe lero. Mumupemphe masiku awiri, mukhale pansi muwerenge maola, chifukwa chimene muyenera kumupatsa ndi tsiku loona loyambira ntchito yake.

Anthu anayi pa maola 40 pa sabata ndi maola 160, koma amenewo ndi a papepala. Chotsanipo misonkhano, mafoni a makasitomala akale, kukonza zomwe zaonongeka m'mapulogalamu omwe munapereka kale, tsiku la maliro, mwana kudwala, ndi nthawi imene malaiti apita inverter n'kutha mphamvu. Chaka cha 2024, madzi atachepa ku Kariba, chinatiphunzitsa tonse kuti tsiku la ntchito limatha kufupika kwambiri. Tsegulani zolemba za masabata asanu ndi limodzi apitawa muone maola enieni omwe aliyense analemba code. Ngati simusunga zolemba zotere, yambani ndi maola 25 pa munthu, onse pamodzi 100 pa sabata.

Kenako funsani amene akugwira ntchito zitatuzo, aliyense payekha, kuti kwatsala maola angati. Musaike nambala yanu, mwini kampani nthawi zonse amaona ngati ntchito yatsala pang'ono. Tiyerekeze kuti akuuzani 300, 220 ndi 180. Onse ndi 700, kutanthauza masabata 7. Onjezani masabata awiri a zogwa mwadzidzidzi, akwana 9. Ngati ntchito yatsopanoyi ndi ya maola 400 ndipo muikapo anthu awiri, ndi masabata ena 8. Ndiye kuti pulogalamu ya bamboyo itha pakadutsa masabata 17. Tengani kalendala muone ngati tsikulo likugwa mvula isanayambe kapena alimi atabzala kale.

Pali chinthu china chimene masamu amenewa amabisa. Pa anthu anayi, kawirikawiri amakhala mmodzi yekha wodziwa kulumikiza pulogalamu ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo ndi yemweyo amene amasamala seva. Enawo akhoza kukhala ndi mpata, koma ngati iyeyo ali womangika mpaka mwezi wa mawa, ntchito yatsopano idzaima pakhomo pake. Werengani maola a munthu aliyense padera, makamaka a ameneyu.

Ndikupemphani chinthu chimodzi: musamugawe munthu pa ntchito ziwiri kuti m'mawa achite iyi, masana iyo. Mapanga awiri avumbwitsa. Wolemba pulogalamu akasiya ntchito pakati amataya zonse zomwe anali atasunga m'mutu, ndipo pobwerera amayamba kuwerenganso code yake ngati ya mlendo. Zotsatira zake ntchito zonse zinayi zimachedwa limodzi, makasitomala akale amagwira ndalama zomaliza, inu n'kuyamba kulipira malipiro a mwezi ndi dipoziti ya kasitomala watsopano. Mukafika pamenepo mudzafuna kasitomala wachisanu kuti mumalize ntchito ya wachinayi. Dipoziti ya ntchito imene sinayambe ikhale pa akaunti ina, musaikhudze.

Tsono mungamupatse chiyani m'masabata 9 amenewa? Pali ntchito yambiri imene sifuna wolemba code, ndipo ndi yomwe imachedwetsa mapulogalamu a mashopu. Igulitseni ngati gawo loyamba, lolipiridwa palokha, la masabata awiri kapena atatu, ndipo mulichite inuyo.

Pitani m'mashopu onse atatu, mukhale kuseri kwa kauntala tsiku lathunthu. Onani mmene amalembera akagulitsa pa ngongole, mmene katundu amachokera ku Chipata kupita ku Katete, amene amasaina, ndi zimene amachita thumba likang'ambika n'kuyamba kugulitsa fetereza pa kilo. Tengani mabuku awo a sitoko. Mudzapeza chinthu chimodzi chili ndi maina atatu: kuno alemba D Compound, uko Compound D, kwina angolemba D, ndipo thumba la 50kg ndi la 10kg zili pa mzere umodzi. Kuyeretsa mndandanda umenewu n'kupatsa chinthu chilichonse nambala yake kumadya masabata, ndipo ogwira ntchito m'shopu ndi amene ayenera kuchita zimenezi inu mukuwatsogolera. Yesaninso netiweki pamalo enieni pamene makina adzakhale, pa ma SIM osiyanasiyana. Ngati imaduka, pulogalamu iyenera kugwira popanda intaneti n'kutumiza zolemba netiweki ikabwera, ndipo zimenezo zimasintha mtengo kwambiri, chifukwa muyenera kukonzeratu chochita mashopu awiri akagulitsa matumba omwewo osadziwana.

Mapepala nawonso ayambe kuyenda nthawi yomweyi. Akaunti ya bizinesi yolandirira ndalama pa foni imafuna satifiketi ya ku PACRA, bungwe lolembetsa makampani, ndi TPIN, nambala ya msonkho ya kasitomalayo, ndipo kuvomereza kwake sikuli m'manja mwanu. Mufunseni ngati analembetsa VAT. Ngati inde, ma invoisi ake ayenera kudutsa mu Smart Invoice ya bungwe la misonkho la ZRA, yomwe inakhala yokakamiza kwa olembetsa VAT mu 2024, ndipo kulumikiza pulogalamu yanu ndi ZRA ndi ntchito yapadera yoyenera mzere wakewake pa koteshoni. Ngati app idzaikidwa pa Google Play, dziwani kuti akaunti yatsopano ya munthu payekha imafuna anthu 12 oyesa kwa masiku 14 musanaloledwe kuitulutsa, pomwe ya kampani imafuna nambala yozindikiritsa kampani yotchedwa D-U-N-S. Zonsezi n'zongodikira, ndiye ndi bwino kudikira panopa pamene gulu lanu lili kwina.

Gawo loyambali likatha mumupatse chikalata cholongosola zonse zomwe pulogalamu idzachite, zithunzi za masikirini, mtengo ndi masiku. Chikalatacho n'chake, akafuna apite nacho kwa wina. Ambiri sapita.

Ena akuuzani kuti lembani anthu awiri atsopano. Katswiri wa makompyuta Fred Brooks analemba kale mu 1975 kuti kuonjezera anthu pa pulogalamu imene yachedwa kumaichedwetsanso, ndipo chifukwa chake n'chosavuta kuona. Anthu anayi amalumikizana m'njira 6, anthu asanu ndi mmodzi m'njira 15. Watsopano aliyense amaphunzitsidwa ndi yemwe uja amene alibe nthawi. Pamwamba pa malipiro palinso gawo lanu la penshoni ya NAPSA ndi inshuwalansi ya zaumoyo ya NHIMA, laputopu ndi bando, mwezi ndi mwezi, ngakhale ntchitoyi itatha. Munthu wokhazikika mumulembe mukaona kuti mwakhala mukubweza makasitomala kwa miyezi ingapo motsatizana, osati chifukwa cha ntchito imodzi.

Kupatsa wina wapadera, kaya ali ku Lusaka kapena ku Lilongwe, kumatheka, koma pa zidutswa zomwe zili ndi malire ooneka, monga masikirini a malipoti kapena kusindikiza malisiti. Zokhudza ndalama ndi kuwerengera sitoko zikhale m'nyumba. Code ikhale mu repository yanu, malo anu osungira code, kuyambira tsiku loyamba, azikankhiramo tsiku lililonse, ndipo wanu mmodzi aziwerenga zonse zisanalowe. Kuwerengako kumadya maola, aikeni m'masamu aja. Mulipire pa chidutswa chimene chatha n'kuyesedwa. Pakhale pepala losainirana lonena kuti code ndi ya ndani. Musamupatse mapasiwedi a seva yeniyeni kapena maina ndi manambala a alimi ogula pa ngongole, lamulo la Data Protection Act la 2021 limakukhudzani inu ndi kasitomala wanu yemwe. Ndipo kasitomala mumuuze kuti pali dzanja lakunja, asadzamve kwa ena.

Ngati masamu akuonetsa kuti pulogalamu idzatha mkati mwa nyengo yogula mbewu ndi fetereza, nenani poyera kuti chaka chino sizitheka. Ngakhale itatha pa nthawi, kuyambitsa pulogalamu yatsopano mzere wa alimi utafika panja n'kuika bizinesi ya munthu pangozi, wogulitsa akangosokonezeka kamodzi amabwerera ku buku lake ndipo sadzaikhulupiriranso. Mukonzereni spreadsheet yabwino yokhala ndi mndandanda woyeretsedwa uja, kapena mumusankhire pulogalamu yogulitsira pa kauntala (POS) yogula kale, adutse nayo nyengoyi. Yanuyo iyambe m'shopu imodzi, ya kuno ku Chipata komwe mungafike msanga, mwambo wa Nc'wala wa kumapeto kwa February ukadutsa ndipo Urea atasiya kuyenda. Katete ndi Petauke zitsatire pakapita masabata awiri chilichonse chikuyenda bwino.

Pa kontilakiti lembani tsiku loyambira ndi zomwe kasitomala ayenera kupereka tsikulo lisanafike, ndi mawu oti akachedwa, malo ake pa mzere amasuntha. Dipoziti yosungira malo ikhale pakati pa 30 ndi 40 peresenti, yotsala aipereke m'magawo pamene mukumuonetsa zomwe zikugwira. Chilichonse chimene adzapemphe kunja kwa chikalata chija chikhale ndi mtengo ndi masiku akeake, ngakhale chibwere pa WhatsApp usiku. Inunso dzimangeni: mukalephera kuyamba pa tsiku lomwe munalonjeza, dipoziti ibwerere yonse.

Akakana kudikira, mutumizeni kwa gulu lina lomwe ntchito yake munaionapo ndi maso anu, ndipo muwaimbire nokha kuwadziwitsa. Musanasaine chilichonse, imbiraninso makasitomala atatu akale aja, muwauze masiku omalizira omwe atuluka m'masamu anu, ndipo mufunse ngati pali wina amene angalole kuti mbali ina ya ntchito yake idikire. Mmodzi akalola kusuntha maola 100, tsiku loyambira la bambo wa feterezayu layandikira ndi sabata yathunthu.