Wailesi ya Nzeru ya m'sutikesi

Bambo wina wa ku Chinamwali wandilembera pa imelo. Akuti wapeza wailesi ya Nzeru m'sutikesi ya malemu bambo ake, waikamo mabatire, koma ikungoti shwaaa. Akufunsa kuti nyimbo zimene inkaimba zija zidapita kuti, ndipo zidasintha liti.

Achimwene, musathamangire kuitaya. Mawailesi ambiri a nthawi imeneyo ankagwira medium wave ndi short wave basi, pomwe masiteshoni athu a lero ali pa FM. Muyeseninso usiku. Mafunde a AM, omwe ndi medium wave ndi short wave, dzuwa likalowa amagunda kumwamba n'kubwerera pansi kutali kwambiri, n'chifukwa chake ife tili ana kwa Sadzi tinkatola Chipwitikizi cha ku Mozambique agogo akangokhudza kachitsulo. Mvula ikamabwera ndi mphenzi kuchokera ku phiri, wailesi inkathetheka ngati chimanga m'chiwaya. Mabatire akafooka tinkawayanika padzuwa.

Za nyimbo tsono. MBC idayamba mu 1964, ndipo kwa zaka 30 inali wailesi yokhayo m'dziko muno. Chimene asankha ku Chichiri ndicho mumve, mufune musafune. Mu 1968 Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi, kudatsala Chichewa ndi Chingerezi. Nyimbo zotamanda Ngwazi zinali tsiku ndi tsiku, ndipo ngakhale "Cecilia" ya Simon ndi Garfunkel idaletsedwa chifukwa cha dzina la Mama Cecilia Kadzamira.

Koma ndisaname, ubwino udalipo. Anthu a MBC ankazungulira m'midzi ndi makina ojambulira, n'kumatiikira Nyimbo za M'maboma. Mwana wa ku Domasi ankadziwa vimbuza asanapondeko ku Rumphi. Banjo ya Allan Namoko, gitala ya Daniel Kachamba, Robert Fumulani ndi Likhubula River, zonsezi zinkalira pakati pa rumba ya ku Zaire ndi simanjemanje wa ku Joni. Ine mpaka lero Namoko ndimamukonda ndi kaphokoso kake kaja. Pa foni amamveka woyera mopitirira, ngati wasamba.

Zinthu zidatembenuka matipate atabwera mu 1994. Radio 2 FM idatsegulidwa mu 1997 kuti ikope achinyamata, kenaka Power 101 ndi Capital FM, Zodiak mu 2005. Apo n'kuti makaseti a ku Balaka, a Paul ndi Lucius Banda, atadzaza m'minibasi, ndipo kiyibodi italowa m'malo mwa banjo. Kuno ku Zomba tili ndi YONECO FM ndi wailesi ya Chanco, aliyense ndi omvera ake. Nyimbo zakale zija sizidafe, zidangokankhidwira ku mapulogalamu apadera, mwina kamodzi pa sabata.

Ngati usiku ikhalabe chete, pitani nayo kwa okonza mawailesi mumsika wa Zomba. Musankhe wachikulire, anyamatawa amangodziwa mafoni.