Chifukwa chake fupa la mwana limapindika pomwe la wokalamba limathyokeratu

Mwafunsa kuti zimatheka bwanji mwana kugwa mumtengo fupa n'kungong'aluka mbali imodzi, pomwe wokalamba kungoterereka pang'ono fupa la m'chiuno lathyoka. Yankho lili pa zimene fupa linapangidwa nazo.

Fupa lili ndi zinthu ziwiri zolukana. Pali mchere wa kashiamu ndi fosifeti, womwe umatenga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake, ndipo ndi umene umaliumitsa. Pali ulusi wotchedwa collagen, umene umalithandiza kupindika pang'ono osasweka. Mutha kudzionera nokha: viikani fupa lopyapyala m'viniga kwa sabata imodzi. Mchere uja usungunuka, fupa lisanduka ngati labala, mulipinda ndi zala. Lina mulitenthe pamoto mpaka liyere. Ulusi upserera, ndipo mukalikanikiza lingoti nyenyenye. Fupa la mwana lili ndi ulusi wambiri, mchere sunadzaze, komanso lakutidwa ndi khungu lokhuthala. Likapanikizika limachita ngati nthambi yaiwisi: kunja kwa popindikira kumang'ambika, m'kati kumangokhota.

Kumbukiraninso kuti fupa si lolimba mofanana mbali zonse. Limapirira kwambiri likamapsinjidwa m'litali mwake, monga momwe la m'ntchafu limasenzera thupi. Kukokedwa limapirira mocheperapo, koma kupotozedwa ndiye sililimba nako. N'chifukwa chake phazi likakodwa pansi thupi n'kutembenuka, fupa la msongolo limathyoka mozungulira, ngakhale munthu sanagwe patali.

Tsono za okalamba. Fupa ndi lamoyo. Maselo ena, ma osteoclast, amakumba fupa lakale, ndipo ma osteoblast amabwera pambuyo kukwirira ndi latsopano. Mwa munthu wamkulu pafupifupi gawo limodzi mwa 10 la mafupa limasinthidwa chaka chilichonse. Mpaka zaka za m'ma 30 omanga amapambana okumba. Kenako okumba amayamba kutsogola, makamaka mwa amayi akasiya kusamba, poti homoni yotchedwa estrogen, imene inkabweza okumbawo m'mbuyo, yachepa. Poyamba kutha ndi m'kati, pomwe fupa limaoneka ngati siponji: timizati take timaonda, tina timaduka, ndipo kamzati kakaduka sikamereranso. Fupa lotere ndi lochuluka m'msana, pamfundo ya dzanja ndi kumutu kwa fupa la m'ntchafu, ndipo ndi malo omwewa amene okalamba amathyoka kawirikawiri. Choipa chake, siziwawa mpaka tsiku lothyokalo.

Kugona osayenda kumafulumizitsa zimenezi, chifukwa fupa limamangidwa molingana ndi katundu amene likusenza. Opita mumlengalenga, komwe mafupa sasenza kulemera kwa thupi, amataya pafupifupi 1 peresenti ya fupa la m'chiuno mwezi uliwonse.

Fupa likathyoka, magazi amaundana pamalopo. M'masabata awiri kapena atatu pamamera mnofu wolimba ngati wa khutu wogwirizitsa zidutswa, ndipo umauma n'kusanduka fupa m'masabata 6 mpaka 12 mwa wamkulu, mofulumirirapo mwa mwana. Kabumphu kamene mumakamva pamalopo ndi fupa latsopanolo, thupi limakasalaza pa miyezi kapena zaka. Chikhakha sichilumikiza fupa, chimangoletsa kugwedezeka kuti mnofu wanthete uja usang'ambike, n'chifukwa chake kuchivula msanga poti ululu watha n'kudziputira mavuto. Fodya, shuga yosalamulirika ndi mafinya pabala zimachedwetsa kupola. Khosi la fupa la m'ntchafu, lomwe lili pansi pa mutu wa fupalo, limavuta mwapadera, popeza mitsempha yamagazi yopita kumutu kwake imatha kuduka pothyokapo, mutuwo n'kufa. Ndiye chifukwa chake madokotala nthawi zambiri amachita opaleshoni pamenepo.

Ngati zala za munthu wovala chikhakha zatupa, zazizira, zachita dzanzi, kapena ululu ukukulirakulira, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo. Chikhakhacho chikhoza kukhala chikutseka magazi.