Yankho kwa Amalume pa Mawu Aja Munamva Kumbuyo

Eee, amalume, mwaswera bwanji? Ndamva funso lanu lija, loti mawu achilendo amene ankamveka kumbuyo mu uthenga wanga wadzulo anali chiyani, komanso ngati ndasiya mpingo. Ayi amalume, sindinasiye, Lamlungu lililonse ndimapita. Koma ndiloleni ndifotokoze bwinobwino, poti amayi nawonso ali m'gulu muno ndipo ndikudziwa kuti mtima wawo uli m'mwamba.

Agogo amene ndimawasamalira kuno ku Glenhazel, ku Joni, ndi Myuda. Maso awo anachita khungu, kuwerenga sathanso. Ndiye m'mawa uliwonse akatha kumwa tiyi, ndimawaikira maphunziro a parasha pa foni. Parasha ndiye gawo la mlungu umenewo. Mabuku asanu a Mose aja, Genesis mpaka Deuteronomo, Ayuda amati Torah, ndipo anawagawa magawo 54 oti aziwerengedwa m'sunagoge Sabata ndi Sabata. Milungu ina amaphatikiza awiri kuti akwane m'chaka. Akamaliza Deuteronomo pa chikondwerero cha Simchat Torah, cha mu September kapena October, tsiku lomwelo amatsegulanso Genesis 1. Gawo lililonse lili ndi tizigawo 7, ndiye ife timamvera kamodzi patsiku. Lachisanu timamvera tiwiri, chifukwa dzuwa likangolowa Sabata lawo layamba, agogo sagwira foni kapena wayilesi mpaka Loweruka usiku.

Tsono chimene munamva dzulo ndi gawo lotchedwa Vayera, loyambira pa Genesis 18. Mphunzitsiyo amawerenga vesi m'Chiheberi, kenako n'kumalimasulira m'Chingerezi pang'onopang'ono. Amalume, pa vesi loyamba lokha anakhalapo nthawi yaitali zedi. Paja limati Yehova anaonekera kwa Abrahamu ku Mamre, atakhala pakhomo la hema dzuwa likuswa mtengo. Ndiye akufunsa kuti, anaonekera kudzatani? Chifukwa pamenepo palibe chimene Mulungu akunena, vesi lachiwiri langolowa kale nkhani ya alendo atatu.

Yankho analitenga kwa Rashi, mphunzitsi wa ku Troyes ku France, amene anabadwa mu 1040 n'kumwalira mu 1105. Iye akuti bwererani kumapeto kwa mutu 17. Abrahamu wangodulidwa kumene, munthu wa zaka 99. Linali tsiku lachitatu, bala likadali laliwisi, ndipo Mulungu anabwera kudzazonda matenda. Basi, kudzazonda, monga timachitira kwathu. Akutinso Mulungu anawalitsa dzuwa loopsa dala kuti apaulendo asadutse n'kumuvutitsa wodwalayo, koma mkuluyo anakhalabe pakhomo, kuyang'ana kunjira, kudandaula kuti lero bwanji sikukubwera mlendo.

Ine nkhani imeneyi ndinaiphunzira ku Sande sukulu ndili kamwana, koma sindinaganizepo kuti Abrahamu ankathamangira alendo aja akumva ululu. Ndinayang'ana agogo ali gone pabedi, maso ali chitsinzire, milomo ikutsatira Chiheberi chija, misozi inangolengeza m'maso mwanga. Mwina n'chifukwa cha ntchito yangayi, kusambitsa ndi kutembenuza wodwala tsiku ndi tsiku. Ndinaona ngati vesilo likunena za m'chipinda momwemo.

Ndinene mosabisa, si zonse ndimavomereza. Za Yesu timasiyana, agogo amadziwa, inenso ndimadziwa, ndipo sanayesepo kundikopa ngakhale tsiku limodzi. Zina zimene Rashi amanena ndi mwambo wa aphunzitsi awo, sizinalembedwe m'vesimo, ndipo ndimasiyanitsa. Koma kawerengedwe kawo kofunsa liwu lililonse kuti lili pamenepo chifukwa chiyani, kameneko ndakakonda. Ndipo inu monga mkulu wa mpingo mukudziwa kuti kuwerenga Sabata ndi Sabata si kwachilendo. Pa Machitidwe 13:15, Paulo anapatsidwa mpata wolankhula m'sunagoge ku Antiokeya anthu atatha kuwerenga Chilamulo ndi Aneneri. Mpaka lero Ayuda akamaliza parasha amawerenganso gawo la mneneri, amati haftara.

Ndiye chonde usiku uno mutsegule Baibulo lanu, muwerenge Genesis 17 kuyambira vesi 23, osaima pamene mutu wathera, mupitirire mpaka 18 vesi 8. Muwawerengerenso amayi. Kenako mundiuze mmene mwaionera. Pepani, ndilekeze pomwepa, agogo akuitana, nthawi ya mankhwala yakwana.