Funsani Amalume a pa Galaja: Mapasa ali m'njira, nanga Altezza yanga nditani nayo?

FUNSO

Amalume, ine ndili ndi zaka 33, ndimakhala ku Lilongwe, ndipo kunena chilungamo magalimoto ndimawakonda moti madam amati ndili pa mitala. Ndili ndi Toyota Altezza RS200 ya manual, magiya 6, ndinaigula ndisanakwatire ndipo Loweruka lililonse ndimaitsuka ndekha, anyamata a pa car wash sindiwalola kuigwira. Nde mwezi wathawu tinapita ku sikelo, atajambula adokotala akuti muli awiri umu. Ndinangoti kukamwa yasa. Pano mimba ili ndi miyezi inayi, madam akuti galimoto ija igulitsidwe tigule Sienta ngati ya aneba, koma ine Sienta ndikaiona ndimangoganiza za zija zapadepoti zopanikiza anthu ngati matemba. Apongozi akazi abwera kudzakhala nafe ana akabadwa, komanso kwathu ndi ku Ntchisi, ukasiya tala pali kamtunda ndithu ka msewu wafumbi. Kodi palibe galimoto yoti banja likwanemo koma ine ndikagwira chiwongolero mtima uzigundabe? Kapena Altezza yomweyi ikhoza kukwana?

Bambo wosowa tulo, Lilongwe

YANKHO

Bambo a mapasa, choyamba zikomo kwambiri, mwagwira ntchito. Tulo musadandaule nato, kusowa tulo kwenikweni kukubwera kutsogoloku.

Altezza ndimaidziwa, injini ya 3S-GE ija ya mahatchi 210, yokankha ndi matayala akumbuyo, ikalira pa giya yachitatu munthu umaiwala ngongole zonse. Ine sindikunyozani ayi. Koma tiyeni tisiye kaye mahatchi tiwerenge anthu. Inu, madam, apongozi, ana awiri. Anthu 5, mipando 5, mukuti zatheka eti? Tengani tepi muyeze. Mpando wa khanda umodzi, car seat ija, mulifupi mwake umadya masentimita 44 kapena 45, iwiri ndiye pafupifupi 90, nde kampata kotsala pakatipo nkoti mungoikapo flask ndi chikwama cha matewera basi, ndipo pansi pake pali chitunda chija chomwe shaft imadutsa. Apongozi anu akhala pamenepo mpaka ku Ntchisi? Adzakusumirani kwa ankhoswe. Komanso mpando wa khanda umayang'ana kumbuyo, umatenga malo ambiri, ndiye mpando wanu wa dalaivala uyenera kusunthira kutsogolo, muzidzaponda clutch mawondo ali pa dashboard.

Ndipo ndikuuzeni zomwe zidzachitike, chifukwa ndaziona kambirimbiri. Ulendo woyamba mudzapirira. Wachiwiri wina adzati aaa tingochotsa mpando umodzi mwanayu ndimufukata, si patali. Apa mpamene ine ndimakwiya. Galimoto ikagunda chinthu ikuthamanga makilomita 50 okha pa ola, liwiro la m'tauni lomweli, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamtunda wa mamita 10, ndipo palibe mayi kaya gogo amene manja ake angagwire mwana pamenepo, mwana amangofwamphuka. Ndiye galimoto imene mukufuna ndi yoti mipando iwiriyo ikamangidwa isamachotsedwenso, ndipo wamkulu wachitatu akhale ndi pokhala pake pabwinobwino.

Madam sakulakwa kwenikweni. Sienta ili ndi zitseko zokoka ngati za minibasi, ndipo ubwino wa zitseko zimenezi mudzaudziwa tsiku lomwe mudzapake pa chipatala wina nkukupanikizani mbali zonse, inu muli ndi mwana kumanja chikwama kukhosi. Injini yake ya 1.5 simwa mafuta ambiri, amene anagonapo pa mzere wa petulo akudziwa chomwe ndikunena, ndipo masipeya ake ku Biwi kaya ku Ndirande ali mbwee, makaniko aliyense amaidziwa. Koma ndi yopapatiza, sifika ndi mamita 1.7 omwe, ndipo kuti munthu alowe mzere wachitatu mpaka mupinde mpando wapakati pomwe mwamangapo car seat. Mukadzutsanso mipando yakumbuyoyo buti imatha, beseni, ndowa ndi thumba la ufa lochokera kumudzi muziika kuti? Zoti mtima uzigunda ndiye iwalani, giya yake ya CVT ija, otomatiki yopanda magiya enieni osintha, mukaponda imangolira ngati chigayo cha dizilo liwiro likubwera mawa.

Ine ndikanakhala inu ndikanayang'ana Mazda Premacy, makamaka yoyambira 2010 kupita kutsogolo. Anthu amaidutsa pa BE FORWARD, webusaiti yogulitsa magalimoto a ku Japan ija, osaiona nkomwe. Zitseko zokoka mbali zonse, injini ya 2.0, giya ya otomatiki yeniyeni osati CVT, ndipo kunsi kwake ndi pachibale ndi Mazda Axela, nde pa kona simapendama ngati bokosi, imamvera chiwongolero. Chomwe ndimaikondera kwambiri ndi kampando kapakati pa mzere wachiwiri, kamapindika nkubisika, nkutsala kanjira pakati pa ana awiriwo. Ndiye kuti mwana uku mwana uku, madam kaya apongozi amangodutsa pakatipo nkukhala kumbuyo, ana akuyang'ana kumbuyo ndiye kuti akuonana nawo maso ndi maso, wina akalira dzanja lifika. Mpando umodzi wakumbuyo mumaupinda nkukhala malo a katundu. Mukaona Nissan Lafesta Highway Star ya 2011 kupita mtsogolo musadabwe, ndi Premacy yomweyo yangosintha baji. Honda Freed ina ilinso ndi kanjira kotere koma ndi 1.5, kwa munthu wozolowera Altezza mudzangokhala wokwinya nkhope. Voxy ndi Noah malo ndiye osanena, ngati mufuna mpingo wonse ukwere, koma zakale zija za 2001 mpaka 2007 za injini ya D-4 zimadzadza mwaye mkati, musamale nazo.

Vuto la Premacy ndi limodzi, ndi yaifupi pansi. Pa mahampu a m'tauni mukadzadza imakhula, ndiye msewu wanu wa ku Ntchisi uja mu January mvula itakumba, mudzasiya bampa panjira. Apa mudzifunse moona mtima kuti kumudziko mumapita kangati pa chaka. Ngati ndi kawiri katatu nthawi yachilimwe, Premacy ikwana, muziyenda mwaulemu. Ngati ndi mwezi ndi mwezi, tengani Subaru Forester, ija ya 2008 mpaka 2012, ndi yaitali pansi kupitirira masentimita 20, matayala onse anayi amakoka, ndipo ilipo ya turbo yoti Altezza yanu simudzaisowa kwambiri. Koma ili ndi mipando 5 basi, vuto la apongozi lija labwereranso ngakhale kuti kumbuyo kwake nkotakasukirapo, ndipo turbo imamwa, imafunanso oilo wabwino pa nthawi yake ndi makaniko woidziwa osati wongoyesa. Ine ndinali nayo Subaru kale, chikondi chake chinali chokoma koma thumba linkalira. Iliponso Subaru Exiga ya mipando 7, ina ya turbo, kungoti nayonso ndi yaifupi pansi ndipo zitseko zake ndi zotsegula wamba.

Chilichonse chimene mungasankhe, pisani dzanja pakati pa pokhalira ndi potsamira pa mpando wakumbuyo, mumve ngati pali tizitsulo tiwiri. Timeneto ndi ISOFIX, car seat imangoti khethe pamenepo osavutika ndi kukulunga lamba. Ku Japan galimoto zatsopano zinayamba kukakamizidwa kukhala nato mu 2012, zakale zina zili nato zina ayi, nde funsani chithunzi musanatumize ndalama. Ndipo mpando wa khanda woyang'ana kumbuyo musadzauike kutsogolo komwe kuli airbag, ikaphulika imamenya pomwe pali mutu wa mwana.

Za nthawi tsopano. Mapasa sadikira miyezi 9 ngati anzawo, ambiri amabwera sabata 37 zisanakwane, ena mpaka kukhalitsa kuchipatala pa kangaroo, kuja amafukata mwana wobadwa masiku asanakwane pachifuwa. Galimoto yoitanitsa ku Japan kuti ikwere sitima, ifike ku Dar es Salaam, idutse pa Songwe, mulipire msonkho wa MRA womwe umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimotoyo, mulembetse ku Road Traffic, miyezi iwiri imatha ngati masewera, osawerengera kusaka madola ku banki. Inu muli pa mwezi wachinayi. Ngati pofika wachisanu simunaitanitse, gulani yomwe ili kale konkuno, mupite ndi makaniko wanu ndi ma car seat onse awiri mukawamange musanalipire. Ikafika yang'ananinso matayala, zambiri zimabwera ndi matayala a m'chipale chofewa a ku Japan, pa tala wotentha wa October amatha msanga ndipo mabuleki sagwira bwino.

Nanga Altezza? Anasiya kupanga mu 2005, ndiye yosamalidwa ngati yanuyo ogula simudzawasowa. Ngati thumba likulola ma inshuwalansi awiri ndi ma COF awiri pamwamba pa matewera a ana awiri, isungeni muziyendera Lamlungu madzulo. Ngati kuti mugule inayo mpaka katapila, igulitseni, ndipo ndalama ina muisiye padera ya kuchipatala.

FUNSO

Amalume, ma car seat a m'shopu ndi odula, ndaona ena pa kaunjika otchipa. Ndigule?

Mayi woyembekezera, Zomba

YANKHO

Mayi, vuto la wa pa kaunjika ndi loti mbiri yake simuidziwa, mwina unachitapo ngozi ndipo mng'alu wa mkati mwa pulasitiki suoneka ndi maso. Bola kupempha kwa m'bale kapena mnzanu amene mwana wake wakula. Koma ngati njira ndi yomweyo, wa pa kaunjika uposa kufukata. Vulani nsalu yake muone pulasitiki yense ngati sanathetheke kapena kuyera mopindika, kokani malamba mwamphamvu, mangani chomangira chija nkumasula kangapo mumve ngati chikuti khethe. Pansi kapena kumbali pamakhala chipepala cholembedwa chaka chomwe unapangidwa ndi makilo a mwana woyenera kukhalamo, wa khanda nthawi zambiri umalekezera pa makilo 13. Ngati chipepalacho chinachoka, usiyeni pomwepo muone wina.