Chakudya cha tinsomba ta yellow perch m'damu

Achimwene, mwati muli ku Ohio, m'dziko la America, mwagula tinsomba ta yellow perch (nsomba ya m'nyanja ndi m'mitsinje ya kumeneko) 2,000 totalika masentimita 5, ndipo chakudya cha catfish (mtundu wa mlamba) chimene mukuponya m'damumo chikungoyandama mpaka kufufuma osadyedwa. Musathamangire kugula thumba lina. Yambani mwaimbira foni amene anakugulitsaniyo, mumufunse ngati tinsombati tinaphunzitsidwa kale kudya mapeleti. Ogulitsa a kumeneko amati feed-trained. Mumufunsenso dzina la chakudya chimene tinazolowera ndi kukula kwa timibulu take, ndipo mlungu woyamba mutipatse chomwecho.

Chambo ukachiwazira madeya chimabwera chokha, chifukwa chimadya ndere ndi zomera. Perch ndi mlenje. Imasaka ndi maso, ndipo imatola chinthu choyenda. Ikangoswa imakhala ya mamilimita 5 mpaka 7, kukamwa kwake kochepetsetsa, moti imakhalira tizilombo ta m'madzi tosaoneka bwino ndi maso, monga rotifer ndi ana a copepod, kenako Daphnia, kenako mphutsi za tizilombo ndi tinsomba tinzake. Kansomba kamene kanakulira zimenezi zokhazokha kakaona peleti sikadziwa kuti nchakudya. Kamafa ndi njala peleti ili pamphuno.

Ngati wogulitsayo wayankha kuti sitinaphunzitsidwe, fulumirani, chifukwa pa masentimita 5 nthawi ikukutherani. Perch yaing'ono imakopeka ndi kuwala usiku, koma khalidweli limazilala ikamafika pamsinkhu umenewu. Alimi ambiri amatichotsa m'damu tili pa masentimita 2 mpaka 3.5, patatha milungu inayi kapena isanu ndi umodzi chiswereni, n'kutiika m'thanki ya madzi oyenda ofunda madigiri 20 mpaka 22 a Celsius. Thankiyo ivundikiridwe, nyale yosawala kwambiri ikhale mkati, ndipo anthu asamangosuzumirasuzumira, pakuti nsomba imeneyi ndi yamantha: chithunzithunzi cha munthu chikadutsa, gulu lonse limaunjikana pakona n'kusiya kudya. Masiku awiri kapena atatu oyamba perekani krill (tinyama ting'onoting'ono ta m'nyanja ya mchere) wouma woperapera, amene fungo lake limatikopa. Kenako sakanizani ndi chakudya cha ana a trout (nsomba yodya nyama ya m'madzi ozizira), krill akucheperachepera mpaka atatheratu pakatha mlungu umodzi kapena masiku khumi. Chigwe pang'onopang'ono kangapo pa ola lililonse, ndipo apa kamakina kodyetsera kamathandiza kuposa dzanja. Zotsalira pansi muzizikoka ndi kapaipi tsiku ndi tsiku, zikawola zimawononga mphuno zopumira. Pakatha milungu iwiri kapena itatu, yang'anani pamimba: kamene kakudya kamakhala kodzaza, kamene kakana kamakhala mutu waukulu, thupi ngati kamtengo ka machesi.

Thanki ikasowa, pachikani nyale pamwamba pa madzi m'mbali mwa damu, kamakina kodyetsera pafupi pake, muzidyetsa kukada. Zimatheka, koma tambiri timatsalira chifukwa m'damu muli zina zotola.

Tibwere ku thumba lenilenilo. Chakudya cha catfish chimakhala ndi mapuloteni 28 mpaka 32 peresenti, mbali yaikulu soya ndi chimanga. Kwa perch yaing'ono n'chochepa mphamvu, ndipo sitachi wambiri sathandiza nsomba yodya nyama. Pa msinkhu wa tinsomba tanu gulani chakudya cha ana a trout kapena salmon cha mapuloteni 45 mpaka 50 peresenti, chimene pa mndandanda wa zosakaniza ufa wa nsomba uli koyambirira. Tikafika magalamu 15 mpaka 20 kamodzi, tsikirani pa mapuloteni pafupifupi 40 peresenti ndi mafuta 10 mpaka 12 peresenti. Pa mafutapo pamalakwika kawirikawiri. Munthu amaona thumba la salmon la mafuta 20 peresenti kapena kuposerapo n'kuganiza kuti lokwera mtengo ndiye labwino. Perch siunjika mafuta m'mnofu, imawasunga m'mimba ndi m'chiwindi. Mukadzaitumbula mudzapeza matumbo okutidwa ndi mafuta oyera, chiwindi chotuwa, pomwe mnofu umene ogula amaufuna sunawonjezeke.

Kukula kwa kambulu nkofunika mofanana ndi zimene zalembedwa pathumbapo. Mapeleti a catfish ambiri ndi a mamilimita 4 kapena kuposa, kansomba ka masentimita 5 sikangawameze ngakhale katafuna. Tengani kamodzi, katseguleni kukamwa, muone: kambulu kasapitirire theka la mpatawo. Pa masentimita 3 mpaka 5, chakudya choswaswa cha nambala 1 kapena 2, pafupifupi milimita imodzi. Pa masentimita 6 mpaka 8, peleti ya mamilimita 1.5. Kuyambira masentimita 10, ya mamilimita 2 mpaka 2.5, ndipo ya mamilimita 3 idikire nsomba zitapitirira masentimita 15. Mukakayika, sankhani yaing'ono. Posintha, sakanizani chakale ndi chatsopano kwa masiku asanu kapena mlungu, chifukwa perch ikasinthidwa mwadzidzidzi imatha kunyanyala masiku angapo.

Choyandama kapena chomira? Perch imakonda kutola chakudya chikutsika m'madzi, choncho chomira pang'onopang'ono ndicho choyambira. Ubwino wa choyandama ndi wakuti mumaona ndi maso kuti zadya kapena ayi. Zikazolowera malo odyera, yambani kusakaniza ziwirizi mpaka zitayamba kukwera pamwamba.

Muyeso wake uchokere pa sikelo. Kansomba ka masentimita 5 kamalemera pafupifupi galamu imodzi ndi theka, ndiye 2,000 ndi makilogalamu atatu. Pa 6 peresenti ya kulemera kwawo, ndi magalamu 180 patsiku, ogawidwa kanayi kapena kasanu. N'kachakudya kochepa, kongodzaza kapu imodzi ndi theka, ndipo ambiri amaponya kuwirikiza kakhumi. Tikafika magalamu 10 kamodzi, ndi makilogalamu 20, pa 3 kapena 4 peresenti ndi magalamu 600 mpaka 800. Milungu iwiri iliyonse kokani 50, muyeze pamodzi m'ndowa ya madzi, muwerengenso. Malo odyera akhale amodzimodzi, nthawi yomweyomweyo, makamaka m'mamawa ndi dzuwa likupendeka. Chikatsala patatha mphindi 15, mawa chepetsani.

Madzi ndiwo amalamula. Perch imakula bwino pa madigiri 21 mpaka 24. M'Julaye ndi Ogasiti madamu osaya a ku Ohio amatentha kupitirira madigiri 27, ndipo pamenepo chepetsani ndi theka kapena lekani kaye, chifukwa kugaya chakudya kumadya okosijeni pa nthawi imene madzi ali nayo yochepa. Yezani okosijeni m'bandakucha, isatsike pa mamiligalamu 5 pa lita. Mukaona tinsomba tikupumira pamwamba m'mawa, musaponye kanthu, yatsani makina opopera mpweya. Damu lopanda makinawa lisalandire chakudya chopitirira makilogalamu 30 pa hekitala patsiku. Madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 10, theka la peresenti ya kulemera kwawo kawiri kapena katatu pa mlungu n'kokwanira, ndipo damu likaundana pamwamba siyani.

Musaiwale kuti zimadyana. Zazikazi zimakula msanga kuposa zazimuna, ndipo kansomba kamene kawirikiza kanzake kutalika kamakameza. Mwezi ndi mwezi zisankheni, zazikulu pazokha. Kudyetsa pafupipafupi ndi kumwaza chakudya patalipatali kumapatsa mpata zing'onozing'ono.

Gulani thumba laling'ono, loti litha miyezi itatu isanakwane, ndipo onani tsiku limene chinapangidwa. Chakudya cha ana a nsomba chili ndi mafuta a nsomba amene amasasa msanga m'galaja yotentha, vitamini C nayenso amatha. Chisungeni m'chidebe chotseka, pamthunzi, chosagunda simenti. Chikanunkha ngati penti, kapena chikagwirana mibulu ya chuku, tayani. Mukadyetsa tinsomba chakudya chotere, zotsatira zake ndi misana yopindika ndi imfa za kamodzikamodzi tsiku lililonse.

Mukafuna wina woti aone damulo ndi maso, a Ohio State University ali ndi malo ku Piketon amene akhala akuweta yellow perch kwa zaka zambiri, ndipo ofesi ya alangizi a zaulimi ya m'dera lanu ingakulumikizeni nawo. Tiuzeninso zimene wogulitsayo wayankha, kukula kwa damu lanu ndi kutentha kwa madzi m'mawa, tikuwerengereni muyeso wa mwezi wamawa.