Za PhD ya uinjiniya wa makompyuta: Britain kapena America?

Achimwene, mwafunsa ngati ndi bwino kukachita PhD ya uinjiniya wa makompyuta ku Britain kapena ku America, popeza mwangomaliza digiri yachiwiri. Ku Britain mumayamba kafukufuku mukangofika, ndipo ambiri amamaliza m'zaka 3 kapena 4. Ku America zaka ziwiri zoyambirira zimathera m'kalasi, kenako mumalemba mayeso okuyenerezani kupitiriza, kotero kuti kutha zaka 5 kapena 6 si zachilendo. Komabe mayunivesite ambiri kumeneko amakulipirirani fizi ndi kukupatsani kangachepe mwezi uliwonse mukamathandiza kuphunzitsa kapena kugwira ntchito mu labu.

Kwa ine, chachikulu ndi mphunzitsi amene adzayang'anire kafukufuku wanu. Musanamulembere kalata, werengani mapepala ake awiri kapena atatu otuluka m'magazini a IEEE, bungwe la mainjiniya a zamagetsi ndi makompyuta, kuti muone ngati nkhani zake, kaya ndi kapangidwe ka ma chip (tizipangizo ting'onoting'ono toyendetsa makompyuta) kapena ma embedded systems (timakompyuta toikidwa m'kati mwa zipangizo zina), mungalimbane nazo usana ndi usiku osatopa nazo. Funsaninso ophunzira ake akale, chifukwa aphunzitsi ena amatha miyezi osayankha imelo, wophunzira ali manja lende ndi chaputala cha kafukufuku wake. Mukasankha Britain, yesani sikolashipu yolipirira maphunziro yotchedwa Commonwealth Scholarship, imene Amalawi amaloledwa kufunsira.